Magazi akaundana pa matenda a Behçet: kuwasungunula, kuletsa kutupa, kapena opaleshoni?

Mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, sikani n'kuonetsa kuti magazi aundana mumtsempha wa m'kati, dokotala aliyense amadziwa poyambira. Amabaya heparin, kenako wodwala amamwa warfarin kapena rivaroxaban kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, onsewa ndi mankhwala osungunula magazi. Njirayi yapulumutsa anthu osawerengeka, ndipo palibe chifukwa choikayikira. Koma pali kagulu ka odwala amene njira imeneyi payokha siwakwanira, ndipo ena mwa iwo ikhoza kuwafulumizitsa kumanda. Amenewa ndi anthu odwala matenda a Behçet.

Dzinali ndi la Hulusi Behçet, dokotala wa khungu wa ku Istanbul, yemwe mu 1937 analemba za odwala okhala ndi mavuto atatu pamodzi: zilonda za m'kamwa zobwerabwera, zilonda za kumaliseche, ndi kutupa kwa m'kati mwa maso. Matendawa amapezeka kwambiri m'mayiko amene munkadutsa amalonda a silika kalekale, kuyambira ku Japan, Korea ndi China, kudzera ku Iran, mpaka ku Turkey ndi kumpoto kwa Africa. Ku Turkey kafukufuku wina anapeza odwala pafupifupi 400 pa anthu 100,000 alionse. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara sapezekapezeka, koma alipo. Si opatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha chiwerewere. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimalusira mwini wake, n'kumatupitsa mitsempha ya magazi, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. M'mayiko ena odwala ofika anayi pa khumi alionse amakumana ndi vuto la mitsempha ikuluikulu, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna achinyamata, a zaka za m'ma 20 ndi 30. Madokotala a ku Istanbul atatsatira odwala 387 kwa zaka pafupifupi 20, anapeza kuti chimene chinkapha ambiri, makamaka anyamatawo, chinali vuto la mitsempha ikuluikulu.

Kuti tiyerekeze bwino njira zothandizira, tiyambe tamvetsa chimene chikuundanitsa magaziwo. Munthu amene wagona pabedi nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni, kapena mayi amene wangobereka kumene, magazi ake amaundana chifukwa akuyenda mwaulesi kapena akugwirana msanga. Mtsempha wake umakhala wabwinobwino. Magazi oundanawo samamatira kwenikweni, n'chifukwa chake kachidutswa kamatha kuthothoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Pa matenda a Behçet nkhani imayambira pakhoma la mtsempha. Khomalo limatupa, maselo oyera a m'magazi amaunjikana pamenepo, ndipo magazi amaundana n'kukanirira zolimba pamalo odwalawo. Motero kuthothoka kopita kumapapo sikuchitikachitika, koma vutolo limabwerabwera, ndipo limasiya mtsempha uli wowonongeka. Kutupa komweku kukagwira mtsempha wotulutsa magazi kumtima, khoma limafooka n'kufufuma, monga momwe chubu cha njinga chimatulukira chithuza pamalo pamene chatha mphamvu. Madokotala amati aneurysm. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi magazi oundana m'mwendo komanso mtsempha wofufuma m'mapapo nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la kusankha mankhwala.

Mankhwala osungunula magazi okha

Iyi ndi njira imene odwala ambiri amayambira, nthawi zambiri asanadziwike n'komwe kuti ali ndi Behçet. Ubwino wake ndi woonekeratu. Heparin ndi warfarin ndi mankhwala odziwika, ogwira ntchito zachipatala anawazolowera, ndipo warfarin ndi wotsika mtengo. Amaletsa magazi oundanawo kupitiriza kukula. Koma khoma lotupa lija salikhudza. Madokotala a ku Korea mu 2008 ndi a ku France mu 2012 atayang'ana m'mbuyo mbiri ya odwala awo, anaona chinthu chimodzimodzi: amene analandira mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi vuto silinkawabwerera kawirikawiri, pamene kungosungunula magazi sikunkateteza mokwanira. Wodwala amatha kumwa warfarin mokhulupirika, magazi ake akuyezedwa, INR, muyezo woonetsa mmene akuchedwera kuundana, ili pakati pa 2 ndi 3 monga mofunikira, koma mwendo winawo n'kutupanso.

Choopsa chachikulu sindicho chimenecho. Ngati m'mapapo muli mtsempha wofufuma umene sunaonedwe, mankhwala osungunula magazi akhoza kusandutsa kutsokomola timagazi tochepa kukhala kukha magazi kosaletseka. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Istanbul analemba kuti theka la odwala awo okhala ndi mitsempha yofufuma m'mapapo anamwalira, ambiri pasanathe chaka chiyambire kutsokomola magazi. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu wotupa mwendo amene akutsokomola magazi amaoneka ndendende ngati amene kachidutswa kathothoka n'kupita kumapapo, ndipo dokotala wofuna kupulumutsa moyo amaganiza zowonjezera heparin. Pa Behçet kuchita zimenezo musanajambule ndi kulakwitsa kumene sikubwezeka.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe la ku Ulaya la madokotala a matenda a nyamakazi, EULAR, amene anatuluka mu 2008 n'kukonzedwanso mu 2018, saika mankhwalawa patsogolo. Amati akhoza kuwonjezeredwa pamwamba pa mankhwala oletsa kutupa, pokhapokha zitatsimikizika kuti m'mapapo mulibe mtsempha wofufuma ndiponso kuti munthuyo sali pachiopsezo chotaya magazi. Kutsimikiza kwake ndi kujambula chifuwa ndi CT, atabaya mankhwala oonetsa mitsempha. X-ray wamba amatha kuonetsa mitsempha yofufuma kwambiri, koma yaing'ono amaiphonya.

Akatswiri okha samvana chimodzi pa mfundo imeneyi. A ku Turkey ambiri sapereka mankhwala osungunula magazi pa vuto la m'mwendo, pamene a ku France ndi mayiko ena a ku Ulaya amawawonjezera kawirikawiri, poganizira kuti mwina amachepetsa kuwonongeka kwa mtsempha. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti okhaokha si mankhwala a matendawa.

Amene wauzidwa kuti amwe warfarin adziwe zinthu zingapo za tsiku ndi tsiku. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, mpiru ndi chisoso zili ndi vitamini K, amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti muleke kudya masamba ayi, koma kadyedwe kake kakhale kofanana sabata ndi sabata. Bactrim amawonjezera mphamvu ya warfarin moopsa. Brufen, diclofenac ndi aspirin ogula pa golosale amawonjezera mwayi wotaya magazi m'mimba. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachita zosiyana: amafooketsa warfarin, rivaroxaban ndi apixaban, moti munthu amakhala ngati sakumwa kanthu. Ndipo warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho mayi woyembekezera amasinthidwira ku jakisoni wa heparin.

Prednisolone ndi azathioprine

Kwa munthu amene magazi aundana m'mwendo koyamba, mapapo ake ali bwino, iyi ndiyo njira imene ine ndikuiona kuti ndi msana wa chithandizo. Prednisolone, mankhwala oletsa kutupa a m'gulu la ma steroid, amagwira msanga. Pakangopita masiku ochepa ululu ndi kutupa zimayamba kutsika, kutentha thupi kumaleka. Koma walira mvula walira matope: akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi, kunenepa nkhope, kufooka kwa mafupa, ng'ala m'maso, ndiponso amatsegulira khomo matenda ena. Ntchito yake ndi kugwirizira pamene mankhwala ena akuyamba kugwira, kenako amachepetsedwa pang'onopang'ono. Kumusiya mwadzidzidzi pambuyo pomwa masabata angapo n'koopsa, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga lokha mahomoni ofanana naye.

Azathioprine, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, ndi amene amatenga mtunda wautali. Mlingo wake pa matendawa ndi pafupifupi 2.5 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, mlingo womwe unayesedwa ku Istanbul pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1990, pomwe anaonetsa kuti amateteza maso. Amachedwa, amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti mphamvu yake ioneke, ndipo apa ndi pamene odwala ena amagwa ulesi n'kusiya, poganiza kuti sakuthandiza. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, makamaka poyamba, kuti aone maselo oyera ndi chiwindi. Saphatikizidwa mwachisawawa ndi allopurinol, mankhwala a gout, matenda otupitsa mfundo za mafupa, chifukwa awiriwa pamodzi akhoza kugwetsa maselo a magazi mpaka pangozi. Ubwino wake waukulu ndi utatu: ndi mapiritsi, mtengo wake ndi wofikirika poyerekeza ndi majakisoni amakono, ndipo mayi amatha kupitiriza kumwa ali woyembekezera ngati dokotala akumuyang'anira.

Sindikufuna kumukometsera mopitirira. Odwala ena vuto limabwerera ngakhale akumwa azathioprine mosadumphitsa, ndipo pamitsempha yofufuma ya m'mapapo sakwanira kuyambira naye. Cyclosporine amatchulidwanso m'gulu lomweli, koma amakweza BP, amavutitsa impso, ndipo saperekedwa kwa amene matendawa anakhudzapo ubongo. Interferon alpha anaonetsa zotsatira zabwino ku Turkey potsegulanso mitsempha ya m'miyendo, kungoti amadwalitsa ngati chimfine champhamvu, ena amawagwetsa m'matenda a nkhawa, ndipo wayamba kusowa pamsika.

Colchicine, amene odwala ambiri a Behçet amamudziwa, amathandiza zilonda, zotupa zofiira za m'miyendo ndi mfundo zowawa. Apremilast, amene anavomerezedwa ku America mu 2019, ndi wa zilonda za m'kamwa. Onse awiriwa si oti munthu adalire pa mitsempha ikuluikulu.

Pamene moyo uli pachiswe: cyclophosphamide kapena infliximab

Pali malo amene vuto likafika sipafunika kuyesa zofewa. Mitsempha ya m'mapapo ikafufuma, magazi akaundana m'kati mwa mtima momwe, mitsempha yochotsa magazi m'chiwindi ikatsekeka, kumene amati Budd-Chiari, kapena mtsempha waukulu wa aorta ukayamba kufooka, madokotala amayamba ndi steroid wotchedwa methylprednisolone wambiri wa m'diripi, kawirikawiri galamu imodzi patsiku kwa masiku atatu, n'kuwonjezera mankhwala amphamvu. Apa pali njira ziwiri zoti ziyerekezedwe mosamala.

Cyclophosphamide ndi wakale. Ndi mankhwala amene amagwiritsidwanso ntchito pa khansa, ndipo pa Behçet amaperekedwa m'diripi kamodzi pamwezi kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, kenako wodwala amapitiriza ndi azathioprine. Atayamba kugwiritsidwa ntchito msanga pamodzi ndi ma steroid, imfa za odwala mitsempha ya m'mapapo ku Istanbul zinatsika kuchoka pa theka kufika pafupifupi pa mmodzi mwa anayi. Mitsempha yofufuma imatha kuphwa mpaka kuzimiririka ndi mankhwala okha, popanda mpeni, chinthu chimene anthu ambiri sakhulupirira akamva koyamba. Mtengo wake pathupi ndi wolemera. Akhoza kuchititsa kusabereka kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo kumbukirani kuti odwala ambiri pano ndi achinyamata amene sanayambe n'komwe banja. Amapweteka chikhodzodzo mpaka kukodza magazi, amachepetsa maselo oyera, amavulaza mwana wosabadwa, ndipo akachuluka pa moyo wa munthu amawonjezera chiopsezo cha khansa. Nkhani ya kubereka iyenera kukambidwa diripi yoyamba isanalowe, osati pambuyo pake. Mnyamata wa zaka 24 ali ndi ufulu womva zimenezi momveka, ngakhale pamapeto pake atavomera kulandira chifukwa palibe china.

Infliximab ndi adalimumab ndi a m'badwo watsopano. Amatsekereza TNF, kanthu kamodzi ka m'magazi kamene kamasonkhezera kutupa. Infliximab ndi wa m'diripi, 5 mg pa kilogalamu, sabata yoyamba, patapita masabata awiri, patapita asanu ndi limodzi, kenako mwa apo ndi apo pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Adalimumab ndi jakisoni wa pansi pa khungu pakatha masabata awiri alionse, wodwala amatha kudzibaya yekha, koma ayenera kusungidwa m'firiji. Malangizo a 2018 anawaika ngati othawirako pamene njira zina zakanika. Chiyambire nthawi imeneyo zinthu zasendera. Mu 2024 kafukufuku wa ku France woyerekeza mwachindunji infliximab ndi cyclophosphamide pa Behçet woopsa wa mitsempha ndi ubongo anapeza kuti ambiri mwa olandira infliximab matenda anagoneratu, ndipo zovuta zake zinali zochepa. Sawononga mbewu ya munthu. Kumene kuli ndalama ndi zipangizo, madokotala ambiri tsopano amayambira pomwepa, ndipo ine ndikuona kuti akulondola.

Koma chimene chili cholondola ku Paris chimafuna kuganiziridwanso bwino kwa munthu wokulira ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena South Africa, ngakhale atakhala kuti panopa akukhala ku London. TNF yemweyo ndi amene amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta TB kuti tigone osadwalitsa. Anthu ambiri a m'mayiko athu ali ndi TB yogona imeneyi osadziwa. Mukatsekereza TNF, TB imadzuka, ndipo nthawi zambiri imadzuka moipa, n'kufalikira kunja kwa mapapo, m'mimba, m'mafupa kapena mu ubongo. Choncho asanalandire jakisoni woyamba munthu ayenera kujambulidwa chifuwa, kuyezedwa TB yogona, ndi kupatsidwa mankhwala oteteza monga isoniazid ngati pakufunika. Ayezedwenso hepatitis B, amene nayenso amadzuka, komanso HIV. Ngati TB yeniyeni yapezeka, chithandizo chimavuta kawiri, chifukwa rifampicin amafooketsanso prednisolone ndi cyclosporine. Kuwonjezera apo pali mtengo. Ngakhale kuti tsopano kuli makampani ena opanga mankhwala ofanana nawo motsikirako, akadali okwera kwambiri kwa banja wamba, ndipo si a mwezi umodzi. Kuyamba infliximab n'kulekezera panjira chifukwa ndalama zatha kumatha kudzutsanso Behçet mwamphamvu, ndipo thupi limatha kuyamba kukana mankhwalawo. Ngati palibe chitsimikizo choti mankhwala azipezeka mosalekeza, cyclophosphamide wa miyezi isanu ndi umodzi wotsatiridwa ndi azathioprine ndi njira yolemekezeka, ndipo wodwala asadzimve kuti wapatsidwa zotsalira.

Mpeni, stent ndi kutseka mtsempha

Anthu ambiri akamva kuti mtsempha wafufuma amaganiza kuti chofunika ndi opaleshoni basi. Pa Behçet dokotala wa opaleshoni amakumana ndi mdani wachilendo. Thupi la wodwala limalusa paliponse pamene lavulazidwa. Ndi chifukwa chake pofufuza matendawa amabaya khungu ndi singano n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri kuti aone ngati patuluke katsungu, kuyeza kumene amati pathergy. Zomwezo zimachitika pakhoma la mtsempha. Pamene asoka, pamene alumikiza chubu chochita kupanga, ngakhale pamene angoboola kuti alowetse kawaya kojambulira, pakhoza kufufumanso kapena kuundana magazi. N'chifukwa chake pojambula amakonda CT kapena MRI kusiyana ndi kuboola mtsempha, ndipo opaleshoni ikamachitika munthu amakhala atayamba kale mankhwala oletsa kutupa ndipo amapitiriza pambuyo pake.

Pamitsempha ya m'mapapo kutsegula chifuwa kuli ndi imfa zambiri, ndipo kumasungidwira pamene palibiretu pothawira. Ngati mtsempha umodzi ukukha magazi kapena watsala pang'ono kuphulika, njira yabwinoko ndi kulowetsa kachubu kudzera mumtsempha n'kukatseka malo ofufumawo ndi tiwaya topota kapena zomatira. Pa aorta ndi mitsempha ya m'ntchafu kapena kuseri kwa bondo nkhani ndi yosiyana. Imeneyi siiphwa kawirikawiri ndi mankhwala okha, ndipo ikakhala yaikulu, yowawa, kapena ikukula, kudikira n'kutaya nthawi. Kusankha kumakhala pakati pa stent, kachubu kolimbitsa khoma kolowetsa kudzera m'kati mwa mtsempha, ndi opaleshoni yotsegula. Stent siifuna kusoka khoma lodwala, koma imafuna kuboola polowera komanso akatswiri ndi zipangizo zimene sizili paliponse. Pa opaleshoni yotsegula madokotala ambiri amasankha chubu chochita kupanga m'malo modula mtsempha wa m'mwendo wa wodwala yemweyo, popeza nawonso ukhoza kukhala wodwala.

Pa magazi oundana m'mwendo kapena m'kati mwa mtima, kuchotsa ndi mpeni sikuthandiza kwenikweni, chifukwa amabwereranso pamalo omwewo. Kasefa kamene ena amaikidwa mumtsempha waukulu wa m'mimba kuti kagwire zidutswa zopita kumapapo nakonso sikafunika kawirikawiri pano, ndipo kakhoza kukhala poyambira kuundana kwina.

Mutu wosasiya

Magazi akaundana m'mitsempha yochotsa magazi mu ubongo, chizindikiro chake chachikulu ndi mutu umene suleka kwa masiku kapena masabata, nthawi zina ndi kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuchita chidima. Mwa mavuto onse a mitsempha, ili limamva mankhwala bwino. Ma steroid ambiri poyamba, n'kumachepetsa pang'onopang'ono, ndiwo maziko, ndipo pano mankhwala osungunula magazi amawonjezeredwa kawirikawiri kwa kanthawi. Lamulo lija silisintha, mapapo ayambe ajambulidwa, chifukwa odwala amenewa nthawi zambiri amakhala ndi vuto m'mitsempha ina. Chofunika kuthamangira ndi maso. Madzi a m'mutu akapanikiza mtsempha wa diso kwa nthawi yaitali, munthu amachita khungu losabwerera, choncho dokotala ayang'ane kuseri kwa diso ndipo ngati pakufunika achepetse kupanikizako ndi acetazolamide kapena potulutsa madzi kumsana.

Zonse ndafotokozazi zimadalira chinthu chimodzi, kuti wina waganizira za Behçet. Ndipo kwathu kuno chizindikiro chilichonse cha matendawa chili ndi mwini wake kale. Zilonda za kumaliseche zimatengedwa ngati chindoko kapena matenda ena opatsirana pogonana, munthu n'kubayidwa jakisoni mobwerezabwereza, banja n'kusokonekera chifukwa chokayikirana pachabe. Zilonda za m'kamwa zimakumbutsa anthu za HIV. Kutsokomola magazi ndi TB mpaka zitatsimikizika kuti si TB. Mimba yodzaza madzi imaloza ku likodzo, kuchiwindi chowonongeka ndi mowa kapena ku TB ya m'mimba. Madokotala salakwa kuyambira kumeneko, chifukwa matenda amenewo ndiwo ofala, ndipo kupatsa munthu wa TB mankhwala ofooketsa chitetezo n'kumuvulaza. Koma zoyeza zikamatuluka zopanda kanthu mobwerezabwereza, mankhwala osathandiza, ndipo wodwalayo ndi wachinyamata amene magazi ake aundana popanda chifukwa chooneka, mafunso ena ayenera kufunsidwa. Palibe kuyeza magazi kumene kumatsimikiza Behçet. Ngakhale HLA-B51, chibadwa chimene chimapezeka mwa odwala ambiri, chilinso mwa anthu ambiri athanzi. Madokotala amadalira kusonkhanitsa zizindikiro. Muyezo wa 1990 umafuna zilonda za m'kamwa zobwera katatu kapena kuposa pa chaka, kuphatikizapo ziwiri mwa izi: zilonda za kumaliseche, vuto la maso, zotupa za pakhungu, kapena katsungu ka singano kaja. Muyezo wa 2014 unawonjezera mavuto a mitsempha ndi ubongo pa zowerengedwa.

Apa wodwala ali ndi gawo lalikulu kuposa makina alionse. Munthu wobwera ndi mwendo wotupa saganiza kuti zilonda za m'kamwa zimene wakhala nazo kuyambira ali kusekondale zikukhudzana ndi mwendowo, ndipo za kumaliseche amachita nazo manyazi. Zinenedwe zonse, ngakhale zitapola kalekale, chifukwa zipsera za pachikopa cha machende kapena pamilomo ya maliseche a mayi ndi umboni wamphamvu. Amene ali ku Malawi apemphe kutumizidwa kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akaonedwe ndi madokotala a matenda a m'kati ndi a maso. Amene ali ku England adziwe kuti kuyambira 2012 kuli malo atatu apadera a matendawa pansi pa NHS, ku London, Birmingham ndi Liverpool, ndipo dokotala wawo akhoza kuwatumiza kumeneko.

Pali mbali ina imene imanyalanyazidwa chifukwa siipha, koma ndi imene imalanda anthu ntchito. Mitsempha ya m'miyendo ikawonongeka kangapo, magazi amavutika kubwerera kumtima. Mwendo umalemera, umatupa madzulo, khungu la pafupi ndi kakolo limada n'kuuma, kenako pamabuka chilonda chosapola chimene chimatha zaka. Kwa wogulitsa pamsika, wakabaza kapena mphunzitsi woima tsiku lonse, ili ndi vuto lalikulu. Masokosi othina apadera, kukweza mwendo popuma, kuyenda m'malo mongoima malo amodzi, ndi kutsuka chilonda moyenera zimathandiza, koma masokosiwo asavalidwe dokotala asanatsimikize kuti mitsempha yobweretsa magazi kuphazi ili bwino. Chilondacho chionedwenso bwino, chifukwa china chimakhala cha kutupa kwenikweni kwa matendawa ndipo chimafuna mankhwala oletsa kutupa, osati bandeji yokha. Fodya asiyidwe. Kwa amayi amene magazi anaundanapo, mapiritsi olera okhala ndi estrogen si oyenera, ndipo njira zina monga lupu zikambidwe ndi a zakulera, makamaka ngati akulandira cyclophosphamide kapena warfarin.

Funso limene odwala amafunsa kwambiri ndi lakuti adzamwa mankhwala mpaka liti. Behçet amalusa kwambiri m'zaka zoyambirira, ndipo mwa anthu ambiri amafatsa akamakula, moti ena amadzafika posiya mankhwala onse. Pa mitsempha madokotala amachedwa dala. Azathioprine kapena jakisoni amapitirizidwa kwa zaka zingapo matenda atagona, ndipo kuchepetsa kumachitika pang'onopang'ono, akuyeza magazi ndi kujambula. Mitsempha yotulutsa magazi kumtima imatha kufufuma mochedwa, patapita zaka zambiri chiyambire zilonda zoyamba. Choncho munthu amene anauzidwapo kuti ali ndi Behçet, ngakhale atakhala bwino nthawi yaitali, akatsokomola magazi ngakhale ochepa, akamva chotupa chogunda m'ntchafu kapena m'mimba, kapena akamva kupweteka kwatsopano kwa m'chifuwa kapena msana kosadziwika chiyambi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo atchule dzina la matendawa kwa woyamba kumulandira, asanabayidwe heparin.